Za mfuti ya agogo ija

Eya mphwanga, ndaona funso lako pa gulupu pano, ndati ndingojambula mawu poti kulemba zonsezi pa foni sindingathe, komanso kuno ku Mzuzu kwazizira zala zachita kuuma. Wafunsa ngati ungapite kumudzi ku Kasungu kukatenga mfuti ya malemu agogo ako ija, ya Greener, uzikasakira nguluwe zomwe zikukuthera chinangwa ndi chimanga kumunda, eti? Ndiye mvetsera bwino, ndi alongo anga amayi akowo amvenso.

Mfuti ija ndi yathu, palibe akukana. Bambo anaigula ndi ndalama za ku Joni, za thukuta la m'migodi pa Wenela, anabwerako Kamuzu asanaletse anthu kupita kumeneko mu 1974 ndege ija itagwa ku Francistown, ndipo ife tinakula ndi ndiwo za mfuti imene ija, gwape, nkhanga, nthawi zina mbawala. Ndiye ukamati ukufuna igwirenso ntchito ine ndikukumvetsa kwambiri, mtima wangawu umafunanso zomwezo. Koma chiphaso chija chinali m'dzina la bambo, laisensi ya mfuti siyenda ngati munda kapena njinga kuti mwini akamwalira mdzukulu angotenga ayi, inatha tsiku lomwe tinawaika m'manda, komanso ndi ya chaka ndi chaka, umayenera kukaikonzanso ku polisi. Panopa iwe ukangoinyamula, ngakhale ilibe chipolopolo, akakupeza nayo pa rodibuloko, kaya pa Jenda, ndi mlandu wopezeka ndi mfuti popanda chilolezo basi, sakafunsa kuti agogo ako anali ndani.

Ndiye palinso za nyamazo. Anthu amaganiza kuti ukakhala ndi pepala la mfuti ndiye kuti wamasuka kusaka, ayi ndithu, ndi zinthu ziwiri. La mfuti ndi la apolisi, la kusaka ndi la a zanyama zakutchire, a Parks aja. Ndipo lamulo lawo analikhwimitsa mu 2017, nyama zotetezedwa kwambiri ngati njovu, chipembere, ngakhale ka ngaka kaja, munthu akazipha atha kukhala kundende mpaka zaka 30. Munda wakowo uli pafupi ndi malire a paki ya Kasungu, mu 2022 anabweretsamo njovu 263 kuchokera ku Liwonde, asilikali a nyama akuyendayenda usiku ndi usana, iwe kulira kwa mfuti kumveke usiku chakumeneko ukuganiza akakhulupirira kuti umathamangitsa nguluwe? Ine zimenezo zimandisowetsa tulo mphwanga, ana ako ndi ang'onoang'ono.

Komanso anthu inu simunaione mfuti ija posachedwa. Yakhala m'bokosi zaka zambiri osaipaka mafuta, denga likudontha, mkati mwa mpope muli dzimbiri lokhalokha. Mpope wodyeka choncho ukaikamo katiriji wamasiku ano utha kuphulikira m'manja, zala kupita, maso kupita. Bambo ankaipukuta akangobwera kutchire asanadye nkomwe nsima, amalowetsa kansalu ka mafuta ndi kandodo mpaka mkati muwale, makatiriji amasunga kwina mfuti kwina, ndipo mwana aliyense ankadziwa kuti kuchipinda kuja sikulowedwa. Amadziwanso nyengo, nthawi yoti nyama zili ndi bere kapena zikuyamwitsa samapita kutchire, akapha imodzi amabwerera, mwendo kwa amfumu, kwinako kugawana mudzi wonse. Ulenje umenewo unkatheka chifukwa tchire linalipo, lero kuchokera kumudzi mpaka kumsewu ndi minda ya fodya yokhayokha, gwape ukamupeza kuti kunja kwa paki? Ngakhale kuno, nkhalango ya Kaning'ina yomweyi tikuiona ikutha ndi makala.

Maganizo anga ndi awa. Tikhale pansi monga banja tisankhe munthu mmodzi, wamkulu, wosamwa, wokhala ndi malo otsekeka bwino, apite ku polisi akafotokoze kuti mwini mfuti anamwalira, atenge kalata ya imfa ndi chiphaso chakale chija ngati chikupezeka, iwo ndi amene anganene ngati ingalembedwe m'dzina lake. Osainyamula pa minibasi kupita nayo ayi, kaye akanene, amuuze okha kabweretsedwe kake. Akati siingathekenso, tiipereke, zindipweteka koma bola zimenezo kusiyana ndi kuti ibedwe ikapezeke pa umbava nambala yake ikuloza kwathu.

Za nguluwezo usangokhala, pita kwa amfumu ndi anzako oyandikana nawo minda mukanene ku ofesi ya a Parks, nyama zowononga mbewu ndi udindo wawo. Pakali pano kumbani ngalande mbali yomwe zimalowera, muzisinthana kulondera ndi agalu, moto ndi zitini, misampha ya waya yokha usayerekeze, nayonso ndi mlandu ndipo imagwira mbuzi za eni ake.

Alongo, kiyi wa bokosi lija musapatse munthu aliyense, ngakhale abwere ndi nkhani yokoma bwanji. Ine mwezi ukatha ndikwera basi ndibwera, mundifunireko mapepala a bambo mu sutikesi yachitsulo ija, chiphasocho chiyenera kuti chili momwemo. Mupereke moni kwa onse kumeneko.