Mafunso a Owerenga: Kodi macchiato weniweni ndi uti?

FUNSO: A Mkonzi, ndimagwira ntchito yoperekera zakumwa pamalo ena ogona alendo ku Senga Bay, ndipo abwana anga anagula makina opangira khofi wamphamvu wotchedwa espresso. Mlendo wina atapempha macchiato ndinam'patsa kakapu kakang'ono monga anandiphunzitsira, koma anakabweza ponena kuti ankayembekezera tambula yaitali ya mkaka. Tsiku lina ndinapatsa mlendo wina tambula yaitaliyo, nayenso anadandaula. Kodi macchiato weniweni ndi uti, nanga amapangidwa bwanji?
Woperekera zakumwa, Salima

YANKHO: Alendo awiriwo sankakuvutitsani dala ayi, chifukwa pali zakumwa ziwiri zosiyana zodziwika ndi dzina limeneli. Choyamba ndi espresso macchiato, amene amamwedwa kwambiri ku Italy: espresso mmodzi wa mamililita 25 mpaka 30, pamwamba pake n'kuikapo supuni yaing'ono imodzi kapena ziwiri za thovu la mkaka. Chachiwiri ndi latte macchiato, yemwe ndi mkaka wotentha wodzaza tambula, kenaka n'kuthiramo espresso pang'onopang'ono kuti mkaka ukhale pansi, khofi pakati, thovu pamwamba. Palinso caramel macchiato wa kampani ya ku America yogulitsa khofi yotchedwa Starbucks, wotsekemera kwambiri, amene wachititsa kuti alendo ambiri a ku America aziyembekezera kapu yaikulu. Choncho musanagwire makina, funsani mwaulemu kuti, "Mukufuna wamng'ono wa espresso kapena wamkulu wa mkaka?" Ngati mlendo sakufotokoza bwino, dziwani kuti ku Italy munthu akangoti macchiato amatanthauza wamng'onoyo.

Pa kapangidwe, chimene ndikufuna kuti mugwiritsitse n'chakuti macchiato amakoma kapena kuipa chifukwa cha espresso. Mu cappuccino, yemwe ndi espresso wothira mkaka ndi thovu, mkaka wambiri umabisa zolakwika, koma supuni ziwiri za thovu sizingabise khofi wopserera. Perani khofi nthawi yomweyo imene mlendo wapempha, magalamu 7 mpaka 9 pa kapu imodzi, muuthire ufawo m'kachikho kachitsulo ka makinawo, muusalaze, ndipo muutsindire mofanana mbali zonse kuti madzi asapeze njira yachidule pambali. Makina abwino amakankha madzi otentha madigiri 90 mpaka 96 ndi mphamvu ya mabaa 9 (baa ndi muyezo wa mphamvu yokankhira madzi), ndipo khofiyo ayenera kutsika kwa masekondi 25 mpaka 30. Yang'anitsitsani pamene akutsika: amayamba ndi madontho akuda, kenaka kamtsinje kowonda ngati uchi, ndipo pamwamba pa kapu pamayandama thovu lofiirira lotchedwa crema. Akatsika mothamanga, ufa wakhakhala ndipo khofi amawawasa. Akamangodontha kwa nthawi yaitali, ufa wasalala mopitirira ndipo amawawa pakhosi.

Kumeneko kunyanja muli ndi vuto limene anzanu a ku Dedza salidziwa kwenikweni. Chinyezi cha m'mphepete mwa nyanja, makamaka nthawi ya dzinja, chimalowa mu ufa wa khofi, moti chopera chimene munachitchera bwino m'mawa chingafunike kuchisuntha pang'ono masana. Sungani khofi wosapera m'chitini chotseka bwino, kutali ndi dzuwa, osati mufiriji. Khofi wabwino tili naye konkuno: khofi wa mtundu wa arabica wa kumapiri a Misuku ku Chitipa ndi wa ku Phoka ku Rumphi, amene amagulitsidwa ndi Mzuzu Coffee, komanso wa ku Satemwa ku Thyolo. Ine ndimaona kuti mlendo amene wayenda ulendo wautali kudzaona nyanja yathu amayenera kumwa khofi wa dziko lino, ndipo mumuuze kumene wachokera.

Mkaka ukhale wozizira, wosachotsedwa mafuta, ndipo m'nyengo yotentha ya Okutobala musausiye panja ngakhale kwa kanthawi. Uthireni m'jagi, ndipo mumize pang'ono nsonga ya paipi ya nthunzi ya makinawo mu mkakawo mpaka mumve kaphokoso kosonyeza kuti mpweya ukulowa, kenaka muimize mozama pang'ono kuti mkakawo uzizungulira. Lekani ukafika madigiri 60 mpaka 65, pamene jagi yayamba kuwotcha m'manja, chifukwa ukapitirira 70 umataya kutsekemera kwake. Thovu labwino limakhala losalala ndi lonyezimira, lopanda matuza akuluakulu. Litapeni ndi supuni, muliike pakatikati pa crema, ndipo mupereke nthawi yomweyo m'kakapu kofunditsidwa kale. Shuga muike pambali, mwiniwake athire yekha.

FUNSO: Kwathu kuno kulibe makina oterowo, ndipo magetsi amazimazima. Kodi n'zotheka kupanga macchiato pambaula?
Mayi wokonda khofi, Nkhotakota

YANKHO: Espresso weniweni sangatheke popanda makina, Mayi, koma mungayandikire kwambiri pogwiritsa ntchito kaketulo kotchedwa moka, kamene Alfonso Bialetti wa ku Italy anatulutsa mu 1933. Mphamvu yake ndi yochepa, siipitirira mabaa 2, choncho crema musamuyembekezere, ngakhale kuti khofi wake amatuluka wamphamvu ndithu. Thirani madzi m'chigawo chapansi osapitirira kavavu, dzazani ufa m'kasefa osautsindira, ndipo muike pamakala amene moto wake wazirala, popeza moto waukali umapsereza khofi. Mukangomva kakuyamba kubwata mokokomera, kachotseni.

Thovu mungalipange potenthetsa mkaka pang'ono m'kapoto, osauwiritsa, kenaka n'kuuthira m'botolo loyera mpaka theka, kutseka ndi kukhutchumula mwamphamvu kwa theka la mphindi. Mkaka wa ufa umachitanso thovu, koma wa ng'ombe wowiritsidwa kale n'kuzizira umakoma koposa. Khofi wosungunuka wa m'timapaketi musamugwiritse ntchito pano, chifukwa alibe mphamvu yoti n'kumvekera pansi pa thovulo.