Yanga inapsa usiku wa vidiyo ya ukwati

Achimwene, mwafunsa zokweza liwiro la purosesa (ubongo wa kompyuta) ya Q6600 pa bodi ya G41 kuti izithamanga kuposa mmene inabwerera. Kompyuta yoteroyo ndi yomwe ndinali nayo ine, ndipo mpaka lero ndikakumbukira mtima umandiwawa. Ndinkadyera pomwepo, kukonza mavidiyo a maukwati ndi zinkhoswe. Kuchedwa ndiye kunkanditopetsa, mpaka ndinainyamula pa kabaza kupita nayo kwa mkulu wina wokonza makompyuta mtauni muno amene aliyense ankamutama. Analowa mu BIOS (mosinthira makonzedwe a bodi), FSB (liwiro lomwe purosesa imalumikizirana ndi bodi) kuichotsa pa 266 kuiponya pa 340, voltage ya purosesa kuikweza mpaka 1.5, n'kundionetsa pulogalamu ya CPU-Z ikulemba liwiro la 3.06 GHz m'malo mwa 2.4 yobwera nayo. Basi, ntchito yatha. Prime95, pulogalamu yoyesera ngati purosesa ikupirira ntchito yolemetsa, sanaiyatse ngakhale mphindi khumi. Fani inali yomwe ija yaing'ono yobwera ndi purosesa, thermal paste (phala lothandiza kuchotsa kutentha pa purosesa) itauma gwa ngati dothi la pachulu. Ine osadziwa kanthu, ndinalipira n'kuthokoza ndi manja awiri.

Unali mwezi wa Okutobala, nyumba ya malata yopanda siling'i. Lachisanu usiku ndikutulutsa vidiyo yoti eni ake adzatenge m'mawa, itafika pa 80 peresenti ndinamva kafungo ka pulasitiki. Ndinkayesa aneba akuwotcha zinyalala. Kenako phwa! Sikirini bii, kautsi kakufuka kumbuyo kwa bokosi. Ndinazula chingwe kukhoma manja akunjenjemera, n'kutsegula ndi tochi ya foni kukamwa. Ka MOSFET kamodzi, mwa tizipangizo takuda tija tozungulira soketi ya purosesa topereka magetsi ake, kanali katang'ambika pakati, bodi pamenepo itapserera ngati pansi pa chigumu. Ndinakakhudza ndi chala, chithuza pompo. Ndinakhala pansi pa simenti mpaka tambala kulira. M'mawa mayi a mkwatibwi anabwera okha atatchena, ndipo nditawafotokozera sanakalipe, anangoti “mwanawe, achibale ochokera kumudzi akudikira kunyumba.” Bola akanandikalipira.

Nditabwerera kwa mkulu uja, ati ndi magetsi a kwanu. Magetsi ake ati? Usiku umenewo sanaphethire ngakhale kamodzi! Anafunanso ndimupatse ndalama ina yoti “aione”. Munthu wodziwa bwino kuti Q6600 imadya mawati 95 kapena 105 isanakhudzidwe n'komwe, wodziwa kuti mabodi otchipawa timaMOSFET take timakhala pamtunda popanda chozizira, n'kukweza voltage choncho pa chipangizo chimene mnzake amadyetsera ana. Chodabwitsa, purosesa sinafe. Bodi ndiyo inafa.

Ndiye ine ndikuti isiyeni pa 2.4 GHz pomwepo, ndalama yomwe mukanalipira wokonza mugule SSD (chosungira mafayilo chothamanga kuposa hard disk), kusintha mukuona tsiku lomwelo.

Koma ngati mwatsimikiza, chitani nokha, musapatse munthu. Multiplier (nambala yochulukitsa FSB kuti mupeze liwiro la purosesa) imathera pa 9, ndiye chokweza ndi FSB basi. Muzikweza 5 kapena 10, kenako Prime95 ola lathunthu mukuyang'ana kutentha pa pulogalamu ya Core Temp, ikadutsa madigiri 70 bwererani. Mukafika 333 imani, imeneyo ndi 3.0 GHz, ndipo ma G41 ambiri sapita patali kuposa pamenepo. Voltage muilembe nokha pomwe ili, chifukwa pa Auto mabodi ena amaikweza mwakachetechete. Liwiro la PCIe (polowera khadi ya zithunzi) mu BIOS likhale pa 100. Liwiro la RAM (memori) limakwera limodzi ndi FSB, mulitsitse kaye n'kuona kuti RAM yanu ya DDR2 sikupitirira 800. Ikakana kuyaka musachite mantha, zulani chingwe, chotsani kabatire ka pa bodi ka CR2032 kwa mphindi zingapo, zibwerera mwakale. Pakani paste watsopano, mangani kafani ndi waya kazipemerera timaMOSFET tija, ndipo power supply ikakhala yopepuka ngati chitini chopanda kanthu musayambe n'komwe.

Purosesa yomweyo ndinaiika pa G41 ina ya kaunjika, ili pa 3.0 chaka chachiwiri tsopano. Kukatentha ndimatsegula chitseko cha m'mbali, ndipo mavidiyo ndimasunga pawiri.