Kamnyamata kapepala kanatsala pang'ono kutiwotchetsera nyumba

Achemwali, nditangoona chithunzi chomwe mwaika m'gulu lino cha envelopu yanuyo yokhala ndi kamnyamata kapepala komwe akutumizirani, mukufunsa chochita nako, mtima wanga wagunda, moti ndikulemba pano manja akunjenjemera. Kalandireni kamlendo kanuko, koma musatuluke nako pakhomo musanamve zomwe zinandionekera ine kuno ku Mulanje. Ndaona ena akuyankhani kuti ndi masewera a ana basi, mungojambula zithunzi n'kukabweza. Zoona, ndi masewera a ana. Inenso ndinkatero.

Kathu kanachokera ku Dublin, kwa achemwali anga aakulu, mu February 2024. Mwana wawo wamkazi wa zaka 7 ndi amene anakajambula kusukulu, anakapaka malaya ofiira ndi kabudula wobiriwira, kutalika kwake kuposa chikhatho changa pang'ono. Mu envelopumo munalinso kalata ya aphunzitsi ake, yopempha kuti tikasunge milungu ingapo, tizikajambula pa zomwe timachita tsiku ndi tsiku, tizilemba m'kakope, kenako tikabweze. Aphunzitsi a mwana wanga ndiwo anandimasulira bwinobwino kalatayo, n'kundiuza kuti zimenezi zinachokera m'buku la ana la Flat Stanley lomwe Jeff Brown analemba mu 1964, lonena za mnyamata amene anaphwatalala bolodi itamugwera ali m'tulo, mpaka ankalowa mu envelopu n'kutumizidwa pa positi. Ndiye mu 1995 mphunzitsi wina wa ku Canada, Dale Hubert, anayambitsa zoti ana azitumizirana timapepala totere kuti aphunzire kulemba makalata ndi kudziwa momwe anzawo akukhalira kumaiko ena. Nkhani yake ndi yomweyo. Mulibe mankhwala, mulibe ndalama, mulibe chilichonse chobisika.

Ana anga anakakonda zedi. Dzina loti Stanley linawavuta, ankangokatchula kuti Mlendo. Wamkazi wa zaka 9 ndiye anadzitengera udindo wonse. Tinapita nako kumsika pa Chitakale kukakamatitsa pulasitiki pomwe amapanga fotokope, poopa mvula, n'kukajambula katatsamira mulu wa nanazi. Kanapita kuchigayo, kanabwerako katayera ndi ufa. Kanakhala pambali pa mbale ya nsima ndi nandolo. Bambo a ana anapita nako kuntchito n'kukajambula pa dengu la mayi wina wothyola tiyi, ndipo mwana wanga analemba m'kakope muja kuti pothyola amatenga masamba awiri ndi kansonga kake. Mwana amene ndinkachita kumukakamiza kuti agwire cholembera, masiku amenewo ankalemba mpaka tochi kuzima. Usiku ankakagoneka pansi pa pilo.

Loweruka lina tinakwera njinga zamoto kupita ku Likhubula, chifukwa achemwali anali atapempha kuti mwana wawo aoneko phiri la kwawo kwa amayi ake. Tinayenda mpaka pa Dziwe la Nkhalamba. Ana anakaimika pamwala, mathithi akugwa kumbuyo, ndipo mwana wanga analemba kuti pamwamba penipeni pa phiri ndi pa Sapitwa, mamita 3,002. Ine ndinaika zithunzizo pa status ya WhatsApp ndi mtima woyera. Apa ndiye pomwe ndinadziitanira.

Pali mayi wina amene tinayandikana nyumba. Dzina sinditchula, ngakhale ndikudziwa kuti abale ake ali m'gulu lino ndipo awerenga. Mayi ameneyu nyumba yake itagwa ndi Namondwe Freddy mu March 2023, anagona pabalaza panga milungu itatu, iye ndi ana ake anayi. Ufa tinkagawana womwewo, bulangete lomwe ana anga ankafunda ndinapatsa ana ake. Sindikunena izi kuti anthu andiyamike, panthawi ija aliyense anathandiza mnzake. Ndikunena kuti mudziwe kuti sanali mlendo kwa ine. Kamnyamata kaja anakaona tsiku loyamba lomwe, anakagwira m'manja, anaseka. Mwana wake wamng'ono ankabwera kudzasewera nako pakhonde panga.

Mwana uja anayamba kutentha thupi Lolemba, patangopita masiku awiri chibwerereni ku Likhubula. February, mvula ili pakati, udzudzu uli ponseponse. M'malo mothamangira naye kuchipatala, mayi uja anayamba kuyenda khomo ndi khomo. Pamjigo Lachiwiri m'mawa ndinapereka moni, amayi atatu anandiyankha ndi mphuno. Ndinkangoti mwina sanadzuke bwino. Sindinadziwe kuti mudzi wonse unali utamva kale kuti ndalandira kachidole kochokera kunja, kuti ndinapita nako ku Dziwe la Nkhalamba kukakasambitsa kwa mizimu, kuti kamagona ndi mwana wanga kuti kamuphunzitse kutamba, ndiponso kuti ndalama zomwe achemwali amanditumizira ndi malipiro a magazi a ana a eni.

Lachitatu madzulo ndinkachokera kuchigayo, thumba lili pamutu. Bambo a ana anali a usiku kufakitale. Ndisanakhote pamtengo wa mapeyala ndinamva phokoso, ndinaganiza kuti kwagwa maliro. Nditakhota ndinaona anthu adzaza pabwalo panga. Anyamata ena atanyamula zibonga, wina chikwanje. Mbaula yanga, imene ndinasiya nditateleka nyemba, anali ataitulutsa panja, mphika atauphula n'kuuika pansi. Mwana wanga atagwada m'matope, yunifolomu itang'ambika paphewa pomwe anamukoka, akulira mpaka mawu osatuluka, akungoti, "Ndi wa mchemwali wanga wa ku Dublin, anajambula yekha, musamuwotche, tikuyenera kumubweza." Mayi uja atakatola ndi timitengo tiwiri ngati akutola khoswe wakufa, akukaonetsa anthu uku ndi uku. Ndinaponya thumba pansi, ufa unamwazika, ndinakuwa kuti, "Amayi, n'chiyani? Si pepala lomwe munaligwira ndi manja anu lija?" Sanandiyang'ane n'komwe. Anakaponya pamakala.

Achemwali, mukudziwa momwe pulasitiki imachitira pamoto. Imapindika, imakhwinyata, imachita ngati ikudzikoka. Kamnyamata kaja kanapinda miyendo, mutu unaweramira kutsogolo, kenako kanatulutsa utsi wakuda. Anthu anafuula kuti, "Chikuphiriphitha! Chamoyo! Mwachiona?" Amayi ena anathawa atagwira kumutu. Wina anati fungo limenelo ndi la nyama ya munthu. Pomwepo mwala woyamba unagwa padenga, wachiwiri unaswa galasi la zenera lakuchipinda komwe kamwana kanga ka zaka 3 kanali katagona. Ine miyendo inazizira, mkodzo unatsika ndili chiimire pamaso pa anthu onse aja. Sindikuchita manyazi kunena. Amene muli kuno mukukumbukira 2017, nthawi ya mphekesera za anamapopa, momwe anthu anaphedwera ku Mulanje, Phalombe ndi Thyolo chifukwa cha mawu a pakamwa okha. Ndinaona ndi maso anga kuti zayambikanso, ndipo ulendo uno zili pakhomo panga.

Anatipulumutsa ndi malume anga, nkhalamba yoyenda ndi ndodo. Analowa pakati pa gulu lija osathamanga, anakakhala pakhomo penipeni pa nyumba, n'kunena kuti amene akufuna kuwotcha ayambe wawotcha iwo. Mnyamata wina wa pulayimale anali atathamanga kale kukaitana aphunzitsi aja ndi nduna ya amfumu. Anthu anayamba kuchoka mmodzimmodzi, ena akunamizira kuti amangodutsa. Usiku umenewo tinagona kwa malume, tonse m'chipinda chimodzi, mwana wanga akudzidzimuka kangapo konse.

M'mawa mwake kubwalo la amfumu aphunzitsi anawerenga kalata ija mokweza, liwu ndi liwu, akumasulira m'Chichewa. Anatenga pepala la m'kope, anajambula kamunthu pomwepo, anakakulunga m'jumbo n'kukaponya pamoto, ndipo kanapindika chimodzimodzi. Anthu anangoti zii. Anawakumbutsanso kuti lamulo la dziko lino, Witchcraft Act ya 1911, limaletsa kuloza munthu chala kuti ndi mfiti, ndipo ndikanafuna ndikanapita kupolisi. Amfumu analamula kuti mwana wodwalayo apite kuchipatala tsiku lomwelo. Anamuyeza, anamupeza ndi malungo, anamupatsa LA, pakutha pa sabata anali akuthamanga pabwalo. Masiku atatu onse mwana akuvutika ndi kutentha thupi, mayi ake ali kalikiliki kumanga nkhani pa ine.

Mpaka lero mayi ameneyo sanabwere kudzapepesa. Amfumu anamuuza kuti alipire galasi, anatumiza mwana ndi ndalama yosakwana ngakhale theka. Kutchalitchi amakhala kutsogolo, amayimba mokweza, pa nthawi ya moni wa mtendere amandidumpha. Chimandiwawa kwambiri n'choti iye ankadziwa. Akanakhala munthu woti sanakaonepo ndikanati ndi mantha, mantha tonse tili nawo. Koma anakagwira, anaseka, anafunsa kuti ku Dublin kumazizira bwanji. Chomwe chinkamudya ndi ndalama zomwe achemwali amatumiza, ndi malata omwe tinakhoma pambuyo pa Freddy iye akadali m'nyumba yaudzu. Kapepala kaja anangopezerapo poyambira. Munthu wodya naye mbale imodzi kukuitanira anyamata a zikwanje, mwana wako ali m'nyumba!

Achemwali anganso anandipweteka mtima, ngakhale ndi magazi anga. Nditawaimbira ndikulira, mawu awo oyamba anali oti, "Ndiye mwana ndikamuuza chiyani? Anzake onse awo abwerera. Kungolephera kusunga kapepala?" Anachoka kuno kalekale, anaiwala kuti kumudzi chinthu sichikhala chako wekha, aliyense amachiona ndipo aliyense amachimasulira. Anadzapepesa pambuyo pake ataona chithunzi cha zenera. Mwana wanga ndi amene anakonza zinthu. Patapita masiku anatenga katoni ya sopo, anajambula kena, anakapaka malaya ofiira omwe aja, n'kukamangira kachidutswa ka chitenje changa m'chiuno. M'kakope analemba kuti Mlendo woyamba anachita ngozi ya moto, uyu ndi mng'ono wake. Zina zonse sanalembe, ndipo ine sindinamuuze kuti alembe. Koma pamjigo uja mpaka pano sapita yekha.

Ndiye inu chitani chonchi. Tsiku loyamba lomwe, kasanagone m'nyumba mwanu, pitani nako kwa amfumu pamodzi ndi kalata yake, mupite ndi aphunzitsi kuti akamasulire. Kaonetseni abusa kapena ashehe, kaonetseni amayi a pamjigo, aliyense akagwire, musabise kanthu chifukwa chobisa ndicho chimabala mphekesera. Koma kupatula amenewa musamakaonetse kwa aliyense ayi, pali anthu ena oti akaona chinthu chochokera kunja mtima umawawawa, inu mukuwadziwa a pamudzi panu. Zithunzi musaike pa status, tumizani kwa eni ake okha. Ana asamayende nako okha, ndipo kasagone pansi pa pilo, kazigona mu envelopu yake m'chikwama. Pamudzi pakagwa matenda kapena maliro, katsekereni mpaka zidutse.

Pulasitiki kamatitseni ndithu, mvula ya kuno ndi chinyezi cha chiperoni sizisiya pepala lamoyo, sabata imodzi kadzakhala katafewa ngati tsamba la mpiru. Kuphiri ndinganene kuti musapite nako nokha, makamaka malo omwe anthu amati kuli mizimu, minda ya tiyi ya ku Thyolo kwanuko ndi yokwanira, kapena pamsika wa Bvumbwe pa milu ya kabichi ndi tomato. Komatu chithunzi chomwe ana a ku Dublin anachikonda kuposa zonse, chomwe aphunzitsi awo anachimata pakhoma, ndi cha pa Dziwe la Nkhalamba chomwecho. Mukapeza mpata pitani, phiri ndi lathu, bola mupite ndi munthu mmodzi wa pamudzi wodziwika kuti sanama, adzakuchitireni umboni.

Pobweza musadikire tsiku lomaliza, positi imachedwa. Tsogozani zithunzi ndi masamba a kakope pa WhatsApp kuti mwanayo akhale ndi choonetsa m'kalasi, kenako envelopu muitumize yolembetsa kuti mukhale ndi lisiti. Kalata ija aphunzitsi anandilembera m'Chichewa ndikadali nayo, mukaifuna ndiuzeni ndikujambulireni usiku uno magetsi akayaka, mukaiwerenge kwa amfumu mawa.