Mafunso Anu: Shifiti ya Maola 24 Kapena ya 12?

Makalata a mwezi uno achuluka pa nkhani ya ndandanda za shifiti kwa ogwira ntchito mu ambulansi. Ndasankhapo anayi. Ntchitoyi ndinaigwira zaka zambiri, poyamba pa chiwongolero, kenako kumbuyo ndi wodwala, ndipo pomaliza ndinali amene ndinkalemba ndandanda n'kumadandaulidwa ndi aliyense.

FUNSO: Akulu, ndangomaliza maphunziro a chithandizo chadzidzidzi ndipo ntchito yapezeka malo awiri. Kwina amagwira maola 24 osaweruka kenako n'kupuma maola 48. Kwinaku amagwira maola 12: masiku awiri masana, masiku awiri usiku, kenako masiku anayi opuma. Anzanga akuti nditenge ya 24 chifukwa ndizipita kuntchito ka 10 kokha pamwezi. Nanenso mtima ukukokera komweko. Mungandiuze zotani? — Woyamba kumene

YANKHO: Mphwanga, anzakowo sananame, ndi ka 10 ndithu. Kungoti iwo awerenga masiku, pomwe thupi lako liziwerenga maola. Tenga cholembera. Mlungu uli ndi maola 168. Pa ndandanda ya 24/48 umagwira tsiku limodzi pa masiku atatu alionse, ndiye kuti maola 56 pamlungu. Pa inayo umagwira maola 48 pa masiku 8, zomwe zimabwera pa maola 42 pamlungu. Zikusiyana ndi maola 14 mlungu uliwonse. Pachaka amenewo ndi maola 728, mwezi wathunthu, usana ndi usiku, uli mu yunifomu. Ngati maola owonjezerawo amalipira, palibe vuto, bola udziwe chimene ukugulitsa. Ufunse usanasaine.

Masamuwo pawokha sandidetsa nkhawa kwenikweni. Chimandiopsa ine ndi munthu amene umakhala utasanduka ikamakwana 4 koloko m'bandakucha, utalowa ntchito 7 koloko m'mawa wa dzulo lake.

Thupi lili ndi wotchi yakeyake, ndipo silifunsa bwana. Chapakati pa 3 koloko ndi 5 koloko m'bandakucha limazizira pang'ono, maganizo amachedwa, zikope zimalemera, kaya unagona masana kaya ayi. Tsono uwonjezerepo kuti wakhala maso kuyambira dzulo. Mu 1997 akatswiri awiri a ku Australia, Drew Dawson ndi Kathryn Reid, anayerekeza kusagona ndi kumwa mowa. Anapeza kuti munthu amene wakhala maso maola 17 amachita zinthu ngati amene ali ndi mowa wa 0.05 peresenti m'magazi, mlingo umene m'mayiko ambiri wapolisi akakupeza nawo pa chiwongolero ndi mlandu. Pofika maola 24 zimafanana ndi 0.10. Palibe angalole woledzera kubaya wodwala jakisoni, koma wa maola 22 timamuponyera makiyi n'kunena kuti thamanga.

Ine zinandionekera. Usiku wina, pa ola la 21, tinanyamula mwana wokomoka, ndipo mankhwala ake amayenera kuyezedwa potengera kulemera kwake. Ndinagwira kabotolo pansi pa nyali ya m'galimoto, n'kuwerenga dzina lake katatu. Zilembo ndinkaziona bwinobwino koma mutu sunkalandira. Masamu amene masana ndimachita ndikuyenda ndinachita kuwalemba pa golovesi ndi bolopeni, n'kumutambasulira mnzanga dzanja kuti aone. Anangoti, "Bwerezaninso apa." Ndinali nditaphonya. Mankhwala anali asanalowe m'thupi mwa mwanayo, ndipo anafika kuchipatala ali bwino, koma kuyambira tsiku limenelo ikadutsa 12 koloko usiku sindinkaperekanso mankhwala mnzanga asanawerenge mokweza dzina ndi mlingo wake. Chizolowezi chimenechi uchitenge, kulikonse kumene upite.

Sindikunena kuti ya 24 ndi yoipa paliponse. Inapangidwira malo amene usiku kumakhala zii, kumene foni imalira kamodzi kapena kawiri, anthu n'kugona maola asanu kapena sikisi pabedi lenileni. Kumeneko imayenda bwino, makamaka kwa amene amachokera kutali. Vuto limabwera ndandanda yomweyo akaiika pamalo amene galimoto silizima injini usiku wonse. Ku America, mu 2018, akatswiri anatulutsa malangizo othana ndi kutopa kwa ogwira ntchito mu ambulansi, ndipo zina mwa mfundo zake zinali zoti shifiti isamakwane maola 24, komanso anthu aziloledwa kubako tulo ali pantchito.

Ndiye pita malo onse awiriwo. Usafunse bwana, ufunse amene akutsuka machira panja. Kuyambira 12 koloko usiku mpaka 6 koloko m'mawa amatuluka kangati? Bedi lilipo, ndipo kugona n'kololedwa, kapena amachita kubisala? Foni ikalira kutatsala mphindi 20 kuti aweruke, amapita ndani? Funso lomalizali ndi lofunika ngakhale kwa a maola 12, chifukwa sungasiye wodwala panjira poti nthawi yakwana. Shifiti ya 12 kawirikawiri imatha pa 13 kapena 14, ndipo ya 24 imatha pa 26.

Ya 12 nayonso ili ndi matope ake, paja walira mvula walira matope. Ndandanda yake imazungulira pa masiku 8 pomwe mlungu uli ndi 7, choncho masiku ako opuma amasuntha mlungu uliwonse. Pa milungu 8, Loweruka ndi Lamlungu onse pamodzi udzakhala pakhomo katatu kokha, ndipo kamodzi mwa katatuko Loweruka udzalithera m'bulangete. Zochitika zambiri za abale ndi anzako uzingozimva. Komabe ukandifunsa ine, woyamba kumene amene manja sanazolowere, pamalo otanganidwa, tenga ya 12.

FUNSO: Amuna anga amayendetsa ambulansi. Akaweruka ku naiti yomaliza amati ayamba masiku anayi opuma, koma tsiku loyamba amangogona, akadzuka nkhope ili ndwii, ana akangoseka pang'ono akalipa. Usiku wake sagona, amangotembenukatembenuka. Ine ndimaona ngati akutithawa. Ndi ulesi kapena pali china? — Mayi wa ana atatu

YANKHO: Mayi, tsiku loyambalo musamaliwerengere. Pa pepala ndi lopuma, koma kwenikweni ndi mchira wa naiti. Munthu wamkulu amafunika kugona maola 7 mpaka 9, ndipo tulo ta masana sitikwana pamenepo. Kuwala kukalowa m'maso thupi limasiya kutulutsa melatonin, imene imaitana tulo, ndiye bambowo akagona 8 koloko m'mawa amadzidzimuka cha m'ma 12 koloko, mutu uli waa, ngongole ya tulo ikadalipo. Akapanga naiti ziwiri, ngongoleyo yawirikiza.

Pali zimene mungathandizane. Pakati pa naiti yoyamba ndi yachiwiri agone mmene angathere, m'chipinda mukhale mdima weniweni, makatani okhuthala, foni yozimitsa, ndipo wobwera kudzawafuna muzimuuza kuti kwa iwo pano ndi pakati pa usiku. Koma akaweruka ku naiti yomaliza zisinthe. Agone maola anayi okha, adzuke masana, atuluke panja dzuwa liwaombe, ayendeko, achite tintchito topepuka, kenako akagone usiku nthawi imene nonse mumagona. Madzulo amenewo amakhala owawa, sindikunamizani, koma mawa lake amadzuka ali munthu. Akagona tsiku lonse mpaka 5 koloko madzulo, ndi pamene usiku amangotembenuka, ndipo masiku awiri amapita pachabe. Kwathu chinatithandiza ndi kumata ndandanda pakhoma, masiku a naiti titawazunguliza ndi cholembera chofiira, kuti ngakhale mwana wamng'ono aziona yekha tsiku loyenda monyang'ama.

China chimene simunafunse koma ndikufuna muchimve ndi ulendo wobwerera kunyumba. Ali pantchito, sayirini ikulira, mnzawo ali pambali, tulo timaopa. Timadikira ali okha m'galimoto, ntchito yatha, mtima wakhala pansi. Munthu amatha kuwodzera masekondi atatu kapena anayi maso ali chitsegulire, iye osadziwa. Galimoto yothamanga makilomita 80 pa ola imayenda mamita 22 pa sekondi imodzi, ndiye masekondi anayi ndi pafupifupi mamita 90 popanda woyendetsa. Ine tsiku lina ndinadzutsidwa ndi phokoso la miyala pansi pa matayala, galimoto itasiya kale msewu. Sindikumbuka kutseka maso. Kutsegula windo kapena kukweza wailesi sikuthandiza, ndinayesa zonsezo. Choncho bambowo akaimba foni kuti ayamba agonako mphindi 20 asananyamuke, muwauze kuti agone, musawafunse kuti achedwa kuti.

Kukalipira ana n'kosayenera ngakhale munthu atatopa, ndipo muwauze, koma musankhe tsiku lachitatu, osati loyamba. Mukaona kuti kukwiyako sikutha ngakhale atagona mokwanira, akulota zoopsa za kuntchito, ayamba kumwa mowa kuti apeze tulo, kapena poliza mkonono amasiya kupuma kwa kanthawi, apite akaonane ndi dokotala. Pamenepo ndandanda yokha sikhala yolakwa.

FUNSO: Ndapatsidwa udindo wolemba ndandanda. Tili ndi ambulansi imodzi yoyenda usana ndi usiku, anthu tilipo 8, ndipo aliyense akufuna zake. Ndiyambire pati? — Wosenza mtolo

YANKHO: Achimwene, yambirani pa kudziwa kuti anthu 8 ndi okwanira ndendende, popanda wotsala. Maola 168 mukawagawa kwa magulu anayi a anthu awiriawiri, aliyense amagwira maola 42. Wina akadwala kapena kupita ku tchuthi, maola akewo agwera anzake. Zimenezi muwauze akuluakulu anu polemba kalata, lero, vuto lisanafike.

Polemba, shifiti ziziyenda motsata dzuwa: masana, kenako madzulo ngati ilipo, kenako usiku, kenako kupuma. Thupi limavomera msanga kuchedwa kugona kusiyana ndi kufulumira kugona, n'chifukwa chake kuchoka ku naiti n'kulowa ya m'mawa kumapweteka kwambiri. Naiti zotsatizana zisapitirire ziwiri kapena zitatu. Pakati pa kuweruka ndi kulowanso muzisiya maola osachepera 11. M'mayiko a European Union limeneli ndi lamulo la ntchito, ndipo ngakhale kumene kulibe lamulo lotero, nambalayi ndi yabwino kuigwira, chifukwa m'maola 11 amenewo muli ulendo wopita ndi wobwera, kusamba, kudya ndi ana. Ndandanda muziitulutsa kudakali milungu ingapo.

Chimene chidzakuvuteni ndi kusinthana. Anthu amagwirirana shifiti mwamseri, ndipo pa pepala zonse zimaoneka bwino, pomwe wina waweruka ya masana 7 koloko madzulo n'kungosintha malaya kulowa naiti ya mnzake. Kusinthana musaletse, anthu ali ndi mabanja, koma kuzidutsa kwa inu, ndipo musanavomere muziwerenga maola a wogwirira mnzakeyo. Adzakutchani ovuta. Ine ananditcha mayina oposa pamenepo.

FUNSO: Ndimamwa makapu asanu a khofi usiku uliwonse wa naiti, koma ndikafika kunyumba tulo sitibwera. Ndisiye? — Wa maso gwa

YANKHO: Musasiye, musunthe nthawi. Pakatha maola pafupifupi asanu, theka la caffeine amene munamwa, chija chimathamangitsa tulo mu khofi, limakhala likadali m'magazi, ndiye kapu ya 5 koloko m'bandakucha mumakagona nayo 9 koloko. Imwani kumayambiriro kwa shifiti, kapu yomaliza isapitirire 2 koloko. Kukakhala phee, m'malo mwa kapu yachinayi gonani mphindi 20, alamu ili pafupi. Mukapitirira pamenepo mumalowa tulo tofa nato, ndipo foni ikakudzutsani mumatha mphindi zingapo musakudziwa kumene kuli nsapato. Zikatero makiyi apatseni mnzanu amene anali maso, inu mukhale mpando wa pambali mpaka mutu ubwerere.