Kwa mayi a ku Santhe: za nimu, muwawani, chithumwa ndi mphini

Mayi, funso lanu taliona. Mwati apongozi anu abwera ndi masamba a nimu, mizu ya muwawani ndi chithumwa cha mwana wanu wa miyezi 8, ndipo akufunanso kuti mwanayo atemeredwe mphini, nyumba itsirikidwe, poti wakhala akudwaladwala. Mukufuna kudziwa choti mulole ndi choti mukane osayambana nawo. Ena akuuzani kale kuti tayani zonse, ena akuti za makolo safunsa. Mayankho awiri onsewa sakuthandizani.

Pa mankhwala alionse a zitsamba, yambani mwafunsa kuti alowera pati. Okwirira pansi, opachika pakhomo ndi ovala m'chiuno salowa m'thupi. Opaka pakhungu losang'ambika kawirikawiri savuta. Akumwa, otemera, othira m'maso ndi olowetsa kumaliseche kapena kumbuyo ndi amene amagonetsa anthu m'chipatala. Kenako funsani kuti womwayo ndani, chifukwa muyezo umene bambo wamkulu amangomva nawo kuwawa pakamwa ungathe kupha khanda.

Kutsirika nyumba kumachitika kunja kwa thupi. Sing'anga amakhoma zikhomo kapena kukwirira mizu ndi kanyanga m'ngodya za nyumba ndi pakhomo, nthawi zambiri usiku. Chambu cha m'munda n'chimodzimodzi, amachiika kuti wakuba chimanga kapena mtedza achite mantha. Pali ndi mitengo ya mizimu ngati msolo, umene makolo ankathira nsembe ya ufa kapena mowa patsinde pake, ndipo mpaka lero akuluakulu ena salola kuudula wamba, ngakhale kuno kumene mitengo yambiri inathera ku zigafa ndi kuumitsira fodya. Kulola kapena kukana zimenezi ndi nkhani ya inu, amuna anu ndi chikhulupiriro chanu. Thupi la mwana sizilikhudza. Pamene muyenera kuimika zinthu ndi pamene sing'anga wayamba kutchula munthu kuti ndiye wakulodzani. Lamulo la za ufiti la 1911 limaletsa kunamizira munthu ufiti ndiponso kumwetsa mwavi. Mwavi ndi khungwa la mtengo limene lili ndi poizoni wosokoneza kugunda kwa mtima. Kale ankati wosanza ndi wosalakwa, wofa ndi mfiti, koma zoona zake n'zakuti wosanza msanga ankataya poizoniyo asanalowe m'magazi, ndipo kuchuluka kwake kunali m'manja mwa wosungunulayo. Masiku ano amene amathera pamoto wa nkhani zoterezi ndi agogo osowa owateteza.

Chithumwa ndi kansalu kosokedwa, m'kati muli timizu kapena phulusa. Ngati mwalola, chisakhale m'khosi, chifukwa mwana wa msinkhu umenewu wayamba kugubuduka ndi kukwawa, chingwe chitha kukola. M'chiuno chimangidwe moti zala ziwiri zilowe, ndipo muzichiona sabata iliyonse poti mwana akukula koma chingwe sichikula. Chikamanyowa ndi mkodzo n'kukhala chonyowa chimasupula khungu. Asachifikitse kukamwa.

Mphini kanani, ndipo pano musanyengerere. Potemera amacheka khungu ndi lezala n'kutikitira phulusa la mizu, nthawi zina losakaniza ndi mafuta a nsatsi. Zinthu zitatu zimalakwika. Lezala limodzi likazungulira banja lonse limanyamula HIV ndi matenda a chiwindi. Phulusa ndi dothi la kumizu zimalowetsa tizilombo ta kafumbata ndi ta mafinya m'bala. Ndipo khanda lili ndi magazi ochepa, tsono ngati malungo anawachepetsa kale, ngakhale otayika pang'ono amawerengedwa. Kugula lezala latsopano kumachotsa vuto loyamba lokha.

Nimu ndi mtengo wabwino umene anthu amaupatsa ntchito yolakwika. Kuwawa kwake kwachititsa ambiri kukhulupirira kuti umachiza malungo. Munthu atha kutuluka thukuta n'kumva kupepuka, koma tizilombo tili m'magazi tikuswana, ndipo kwa mwana masiku awiri otayika pamenepa ndi amene amafikitsa malungo ku ubongo. Mafuta a njere za nimu ndiye oopsa kwambiri kwa makanda: amasanzitsa, mwana amafooka, amatha kukomoka. Woyembekezera nayenso asamwe. Masamba amene abwerawo agwiritseni ntchito ina. Wiritsani manja awiri a masamba m'malita 5 a madzi kwa mphindi 15, sefani, adikireni azizire, musambitsire wamkulu kapena mwana wokulirapo wa zidzolo zoyabwa, madziwo asalowe m'maso ndi m'kamwa. Otsalawo umitsani pamthunzi muike m'matumba a nyemba ndi m'mabokosi a zovala, amathandiza kuthamangitsa tizilombo.

Ndiye tibwere ku mawu akuti "akudwaladwala", chifukwa simunanene kuti akudwala chiyani. Ngati ndi kutentha thupi, akayezedwe magazi tsiku lomwelo. Akapezeka ndi malungo amapatsidwa LA, ndipo mwana wolemera pakati pa makilogalamu 5 ndi 14 amamwa piritsi limodzi kasanu n'kamodzi m'masiku atatu: loyamba nthawi yomweyo, lachiwiri pakatha maola 8, kenako m'mawa ndi madzulo. Amwe atayamwa kapena atadya phala la nsinjiro, chifukwa mankhwalawa amalowa bwino m'thupi pakakhala mafuta. Cholakwika chofala ndi kusiya pa tsiku lachiwiri mwana akayamba kusewera, n'kusungira otsalawo m'bale wake. Anzathu a m'mbali mwa nkhalango ya Kasungu National Park akumbukirenso kuti kutentha thupi ndi mutu wosamva LA, makamaka munthu atalumidwa ndi kashembe, kutha kukhala kaodzera, ndipo palibe muzu umene umachiza kaodzera.

Ngati ndi kutsegula m'mimba, chopha mwana ndi kutha kwa madzi m'thupi. Sungunulani paketi imodzi ya Thanzi ORS mu lita imodzi ya madzi owiritsa n'kuzizira, ndiye kuti mabotolo awiri a 500 ml. Popanda Thanzi, mu lita yomweyo thirani masupuni aang'ono 6 a shuga ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere, osasefukira. Lawani: mchere ukaposa wa misozi, tayani mukonze ena, chifukwa mchere wochuluka umawonjezera vuto. Mwana wosakwana zaka ziwiri amwe kotala kapena theka la kapu nthawi iliyonse akachita chimbudzi, pang'onopang'ono ndi supuni, akuyamwabe, ndipo kuchipatala akupatsaninso zinki wa masiku 10 mpaka 14. Masamba a gwafa amathandiza akuluakulu pa kutsegula kwa wamba: dzanja limodzi la nsonga zanthete, zotsuka, muwiritse mu lita imodzi kwa mphindi 10, theka la kapu katatu patsiku, otsala mutaye kukada. Amaumitsako m'mimba koma sabwezera madzi otayika, choncho salowa m'malo mwa Thanzi. Chimbudzi cha magazi, kapena chonga madzi otsukira mpunga, n'chothamangira kuchipatala. Kolera ya 2022 ndi 2023 inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno.

Apa mpamene pamabwera nkhani ya liwombo. Likalowa m'kati, ambiri amamata mankhwala osinja pamutu. Liwombo limalowa chifukwa madzi atha m'thupi, ndipo limabwerera mwana akamwa mokwanira. Phala lomatalo limangobisa chizindikiro chimene adokotala akufuna kuona. Chimodzimodzi tsempho: mwana akatupa mapazi ndi nkhope, tsitsi n'kufiira, n'kumanyentchera, anthu amafufuza amene anadumpha mwambo wa m'nyumba n'kuyamba kumwetsa mizu. Zizindikiro zimenezi ndi za kusowa kwa zakudya m'thupi. Dinani pamwamba pa mapazi onse awiri ndi chala kwa masekondi atatu. Pakatsala kadzenje, pitani naye kuchipatala, kumene kuli mkaka wapadera ndi chiponde. Zokambirana za m'banja zitha kudikira.

Muwawani musampatse mwana, ngakhale kadontho. Akuluakulu amaviika kapena kuwiritsa khungwa ndi mizu yake pofuna kuchiza m'mimba, malungo ndi matenda opatsirana pogonana, ndipo ndi wamphamvu ndithu, amatha kutsegula m'mimba kwambiri. Vuto lake ndi muyezo. Mphamvu ya muzu imasiyana ndi msinkhu wa mtengo, nyengo imene unakumbidwa ndi nthawi imene waviikidwa, moti kapu ya lero ndi ya mkucha kuchokera mu botolo lomwelo sizifanana. Kuwonjezera apo, muzu ukauma n'kudulidwadulidwa, ngakhale wogulitsa pamsika sangalumbire kuti ndi wa mtengo uti. Zonse zimene munthu wamwa zimadutsa m'chiwindi ndi mu impso, tsono amene ali pa ma ARV, pa mankhwala a TB, a shuga kapena a kuthamanga kwa magazi asaphatikize asanafunse kuchipatala, ndipo asasiye mankhwala awo ati chifukwa apeza a zitsamba. Mabomu kapena chindoko chimene chaoneka ngati chatha ndi muwawani nthawi zambiri chimangobisala, n'kudzaonekera pa kusabereka kapena pa mwana wobadwa wodwala. Kwa okumba: sendani khungwa motsika mbali imodzi, osazunguliza thunthu, chifukwa mtengo wozungulizidwa umauma. Mizu tengani yam'mbali yowerengeka, mukwirire dzenjelo.

Popeza muli pa msinkhu wobereka, tinenepo za mwanamphepo, amene amayi ena amamwetsedwa kuti matenda a uchembere ayambe msanga. Amachititsa chiberekero kukoka mwamphamvu mosapumira njira isanatseguke. Mwana amabanika, ndipo chiberekero chimatha kuphulika, makamaka kwa amene anachitidwapo opareshoni. Ngati munthu wamwa kale, auze anamwino poyera. Kubisa ndi kumene kumawachedwetsa.

Zilipo zitsamba zimene mungazilandire ndi manja awiri. Choyamba ndi chammwamba. Thyolani masamba, tsukani, yanikani pamthunzi pamalo opita mphepo kwa masiku atatu kapena anayi mpaka azifumbutuka m'manja, sinjani, sefani, sungani mu botolo lotseka bwino pamalo amdima. Oyanika padzuwa amayera n'kutaya mavitamini, osauma bwino amachita nkhungu. Kwa mwana wa miyezi 8 yambani ndi theka la supuni yaing'ono patsiku, muthire m'phala mutaphula, ndipo muziwonjezera pang'onopang'ono, chifukwa wochuluka mwadzidzidzi amatsegula m'mimba. Masamba okha, osati mizu kapena khungwa. Bonongwe, luni, chisoso ndi mwamunaaligone zophika n'kupota bwino, zotendera, zimamangadi thupi la mwana kuposa muzu ulionse wowawa. Chidede ndi madzi a masamba a mapeyala, amene ambiri amamwa kuti awonjezere magazi, sizingakweze magazi a munthu amene zikhatho zayera kale. Ameneyo akayezetse.

Mpungabwi umathamangitsa udzudzu. Madzulo kwapulani nthambi zake zaziwisi m'makoma, kapena ikani masamba pa makala pakhonde, mwana ali kutali ndi utsi. Fungo lake limatha pakapita nthawi yochepa, pamene udzudzu wa malungo umaluma kwambiri pakati pa usiku, choncho neti ikhalepobe. Chisoso chofinyira pabala chimagwira pa timabala tating'ono, koma bala liyambe latsukidwa ndi sopo ndi madzi oyera, masambanso atsukidwe, osati a m'mbali mwa njira modutsa agalu ndi mbuzi. Bala lakuya la khasu kapena msomali likufuna katemera wa kafumbata. Galu akaluma, tsukani ndi sopo kwa mphindi 15 n'kupita kukabayitsa wa chiwewe. Pa kupsa ndi moto kapena phala, thirani madzi ozizira kwa mphindi 20 musanaganize za china chilichonse. Alovera abwere pambuyo, pa kupsa kwapamwamba kosatuluka matuza aakulu: dulani tsamba, liimikeni kwa mphindi 15 kuti madzi achikasu atsike, sendani, mupake choterera choyera cha m'katicho. Madzi achikasuwo ndi amene amapotokola m'mimba anthu akamwa alovera. Pa chifuwa cha wamkulu, mandimu, jinja ndi uchi m'madzi ofunda zimafewetsa pakhosi, koma uchi sapatsa mwana wosakwana chaka.

Popeza mwanayo wayamba kukwawa, yang'ananinso zomera pabwalo panu. Njere za nsatsi zikatafunidwa zimapha, ndipo kwa mwana zowerengeka zokha n'zokwanira. Jatrofa, amene anabzalidwa m'mipanda yambiri kuno kuchigawo chapakati, njere zake zimakoma ngati mtedza ndipo zimasanzitsa ndi kutsegula m'mimba koopsa. Utomoni wa nkhadze ukalowa m'diso, tsukani ndi madzi oyera ambiri kwa mphindi 20 n'kupita kuchipatala, osathiramo mkaka wa m'mawere, mkodzo kapena madzi a masamba. Mthuthu ndi wophera nsabwe za m'mbewu ndi nkhupakupa, madzi ake asasungidwe mu botolo la zakumwa. Mwana akameza chilichonse mwa izi, musamusanzitse mokakamiza. Tengani nthambi kapena njere za chomeracho mupite nazo limodzi kuti achipatala aone.

Pa kuyankhula ndi apongozi, mawu okana mphini ndi muwawani achoke pakamwa pa mwana wawo, osati pa inu, ndipo anenedwe pambali, popanda anthu. Inu landirani katunduyo mwaulemu, muthokoze, muwapemphe kuti akuyanikireni chammwamba ndi kukusinjirani nsinjiro za phala la mdzukulu wawo. Tsiku la sikelo pitani nawo, kabuku ka mwana kali m'manja, kuti mlangizi wa zaumoyo awaonetse okha mzere wa kulemera kwa mwanayo. Ndipo ngati pakali pano mwanayo akutentha thupi, akukana kuyamwa, akusanza chilichonse, akupuma mothamanga kapena wakomokapo, nyamukani lero lomwe, ngakhale ndi usiku.