Funsani Malume: Mlendo akufuna kukawedza ndi nthenga pa chilumba, ndipite naye kuti?

Malume, ine ndi mnyamata wa ku Monkey Bay, ndimayendetsa boti la injini lonyamula alendo. Kuli mlendo wina akubwera mwezi wa Julayi, wanditumizira mavidiyo pa WhatsApp a anthu ataima m'madzi ofika m'mawondo ku Seychelles akuponya chingwe chachitali, nyambo yake nthenga basi. Akuti akufuna chilumba chopanda phokoso ngati chimenecho kuno kwathu kuti akachite fly fishing. Ndaganiza za Mumbo kapena Domwe. Zingatheke? Sindikufuna kuphonya ndalamazi.
Woyendetsa boti, Monkey Bay

Mphwanga, ndalamazo uzipeza koma osati pa Mumbo ndi mbedza m'manja, ayi. Mumbo, Domwe, Thumbi West ngakhalenso Boadzulu zonsezi zili m'kati mwa Lake Malawi National Park yomwe inakhazikitsidwa mu 1980 ndipo UNESCO inailemba pa malo ofunika a dziko lonse mu 1984, ndipo malire a pakiyo salekera pa mchenga, amalowa m'madzi mamita 100 kuchokera pagombe. M'menemo kuwedza nkoletsedwa. Ukapezeka ndi alonda a paki mlendo wako akuponya chingwe pamenepo, zoti "timazibwezera m'madzi" sizikupulumutsa, ndipo amene adzavutike ndi iweyo mwini boti, mlendo adzakwera ndege ulendo kwawo.

Komanso tangoganiza, nsomba zimene zili pa miyala ya zilumba zimenezi ndi mbuna, tinsomba tokongola tija tosapitirira chikhatho, tambiri timangopala ndere pa miyala. Munthu wobwera ndi ndodo yodula chonchija sakufuna mbuna. Mbuna nzoonera, umupatse magalasi osambira aone yekha.

Zimene waona m'mavidiyozo mwina ndi ku Alphonse, kachilumba ka Seychelles komwe kali pafupifupi makilomita 400 kuchokera ku Mahé, chilumba chachikulu cha dzikolo, kapena malo ena ofanana nako monga Kiritimati ku Pacific. Kumeneko ndi nyanja ya mchere, madzi amaphwa nkudzazanso tsiku lililonse, ndiye pamakhala mchenga woyera wotambalala womwe munthu amayenda wapansi mtunda wautali madzi ali m'mawondo, nsomba yotchedwa bonefish akuiona ndi maso ikudya tinkhanu pansi, kenako amaponya kanyambo kanthenga kutsogolo kwake. Chimene chimalemera ndi chingwecho osati nyambo, nchifukwa chake amachikupiza m'mwamba kangapo asanachitaye. Akagwira amajambulitsa nkuibweza. Inde, munthu kulipira madola ambirimbiri kuti agwire ndiwo nkuitaya, agogo ako atamva akhoza kuyesa misala, koma ndi masewera awo ndipo ndi chifukwa chake nsomba kumeneko sizitha.

Nyanja yathu si choncho. Siphwa tsiku ndi tsiku, zilumba zake nzamiyala ndipo ukangochoka pang'ono pagombe madzi azama kale, kumpoto kuja amafika mamita pafupifupi 700. Ndiye usamulonjeze Seychelles, umuuze zoona akadali kwawo.

Koma nsomba zoluma nthenga tili nazo. Ncheni imathamangitsa usipa, ndiye kanyambo koyera kowala kooneka ngati usipa kakhoza kuinyenga, mutuluke ndi boti kunja kwa malire a paki m'mamawa dzuwa lisanakwere, funsa asodzi a kwanuko komwe usipa ukupezeka masiku amenewo chifukwa iwowo akudziwa kuposa ine. Ina ndi sungwa, imabisala m'bango ndi m'maudzu a madzi osaya, mbali za Shire ndi Malombe, ndipo ikaluma imakoka ndithu. Koma kumeneko aziwedza ali m'boti basi. Zoima m'madzi ngati za mu vidiyo zija ku Shire kuli ng'ona ndi mvuu, sindikuseka. Ndipo mukatsetsereka kwambiri mwalowa mu Liwonde National Park, lamulo lomwe lija.

Akakufunsa za tigerfish, nsomba yolusa ya mano akuthwa, poti ambiri amafunsa, umuuze kuti m'nyanja muno mulibe, mathithi a Shire amaitchinga, imapezeka kumunsi kwa Kapichira. Mpasa ndi ku mtsinje wa Bua ku Nkhotakota, nsomba ya m'madzi ozizira yotchedwa trout ndi pa phiri la Zomba ndi ku Nyika komwe azungu anaibweretsa kalekale. Zomba si kutali, mutha kumupezera galimoto apite tsiku limodzi kapena awiri.

Chimene chandidetsa nkhawa kwambiri m'kalata yako ndi mweziwo. Julayi ndi nthawi ya mwera, iwe wa m'boti ukudziwa bwino mafunde ake, ndipo kuponya chingwe chopepuka mphepo ikuwomba ndi chintchito, mbedza imatha kubwerera kukakola khutu la munthu. Ngati angasinthe abwere Seputembala kapena Okutobala nyanja itadekha. Ngati sangasinthe, muzituluka mbandakucha, aliyense atavala jekete yoyandamitsa, mphepo ikangoyamba bwererani osakambirana.

Asanafike pita ku ofesi ya Fisheries ukafunse za chiphaso cha kuwedza kwa masewera, upitenso ku ofesi ya paki ku Cape Maclear za ndalama yolowera, malisiti usunge. Umuuzenso za likodzo, makamaka m'madzi osaya a pafupi ndi midzi, kuti akadzabwerera akayezetse, mankhwala ake a praziquantel alipo. Ndodo, chingwe ndi nyambo abwere nazo yekha, usadalire kuti mukazipeza m'mashopu a pa boma.

Za chilumba chopanda phokosozo, Mumbo ndi yemweyo, palibe mudzi, palibe disko, phokoso ndi nkhwazi basi. Akagone kumeneko masiku awiri asambe ndi mbuna ndodo ili m'chikwama, kenako masiku enawo umutenge kukasaka ncheni ndi sungwa. Mtengo wa mafuta a masiku onsewo muugwirizane pa WhatsApp pomwepo zolembedwa, asanakwere ndege.