Nyimbo zomwe ankaimba kuti otchova juga asagone

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa bambo wina amene amagwira ntchito ya usiku ku Leeds. Akuti akaweruka mbandakucha amatsegula nyimbo za m'makasino a ku Las Vegas, ku America, za m'ma 1950 ndi 1960, ndipo amapukwa ngati analiko, chonsecho anabadwira ku Zomba zonsezo zitatha kale. Mafunso awo ndi awiri: kodi munthu angapukwe bwanji malo amene sanapondeko, nanga chinapha nyimbozi n'chiyani?

Achimwene, simunapenge. Koma ndiyambe ndi kukuuzani chimene nyimbozi zinali, chifukwa yankho labisala pamenepo.

Hotela yaikulu ya ku Las Vegas inkakhala ndi malo awiri oimbira. Kunali holo yaikulu, kumene anthu ankakhala pa matebulo atavala masuti, n'kudya uku akuonera katswiri wotchuka. Ndiye kunali kachipinda kotchedwa lounge, kopanda khoma lenileni, koyang'anizana ndi matebulo a juga. Kulowa kunali kwaulere. Eni kasino sankafuna phindu pa nyimbozo ayi. Iwo ankafuna kuti munthu amene waluza ndalama asapite kukagona, amwe kenakake, aseke, mtima ukhale m'malo, kenako abwerere ku juga. Nyimbozo zinali nyambo basi.

Ndiye taganizani woimba amene wapatsidwa ntchito yoteroyo. Anthu sanabwerere iye. Ena aledzera, ena akwiya, kumbuyo makobiri akulira m'makina, utsi wa fodya uli tolo. Akangoimba mozizira, anthu amutembenukira msana. Munthu amene anaidziwa bwino ntchito imeneyi ndi Louis Prima, woliza lipenga wa ku New Orleans. Mu 1954 zinthu zinali zitamuvuta, mabandi akuluakulu atatha fasho, ndipo anapempha ntchito ku hotela ya Sahara. Anamupatsa milungu iwiri m'kachipinda kotchedwa Casbar. Anaitanitsa Sam Butera, mnyamata wa kwawo woliza sakisofoni, n'kuyamba kuimba kuyambira pakati pa usiku mpaka kukacha, iye ndi mkazi wake Keely Smith. Milungu iwiri ija inasanduka zaka.

Pezani kanema wawo wakale pa YouTube muone. Prima akudumpha, thukuta lili kamukamu, akuponya mawu opanda tanthauzo kwa Butera, Butera n'kuwabweza ndi sakisofoni ndendende mmene awamvera. Pambali pawo Keely wangoima njo, manja kumbuyo, nkhope ili gwa, ngati mayi amene watopa ndi zibwana za mwamuna wake pa ukwati wa eni. Kenako atsegula pakamwa, mawu osalala ngati mafuta, chipinda chonse zii. Ine ndimaona kuti palibe china m'nyimbo za nthawi imeneyo choposa kusinthana kumeneku, ngakhale ambiri amathamangira kutchula woimba wotchuka Frank Sinatra.

Sinatra nayenso tisamuchepetse. Kumayambiriro kwa 1960, iye, Dean Martin, Sammy Davis Jr., Peter Lawford ndi Joey Bishop ankajambula kanema masana, usiku n'kumakasangalatsa anthu mu Copa Room ku hotela ya Sands, akudulana mawu ndi kunyozana mwachibale. Mukafuna kumva mmene chipindacho chinkamvekera, pali chimbale cha mu 1966, Sinatra at the Sands, chomwe anaimba ndi bandi ya Count Basie, wokonza nyimbo ali Quincy Jones. Pakati pake Sinatra amasiya kuimba n'kumangocheza ndi anthu kwa mphindi zoposa khumi. Nthabwala zina zinaola, sindinama, koma mumamva kuti munthuyo akulankhula ndi anthu amene akuwaona nkhope.

Ndikuganiza kuti chimene mukupukwa ndi chimenechi, achimwene, osati Las Vegas weniweniyo. Nyimbozi zinapangidwira munthu wotopa amene ali maso pa nthawi yomwe anzake ali mtulo. Inu mukaweruka 5 koloko m'mawa kuli chisanu, ndinu ndendende munthu amene Prima ankamuimbira, kungoti inu simunaluze malipiro a mwezi pa tebulo.

Koma musalakelake kuti mukadakhalako, chifukwa inu ndi ine sakadatilola kulowa pa khomo lakumaso. Mpaka chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950, mahotela ambiri a kumeneko sankalandira alendo akuda. Nat King Cole, Lena Horne ndi Sammy Davis Jr. ankadzaza maholo, koma pa zaka zoyambirira oimba akuda ankati akamaliza, n'kutulukira kukhitchini kukagona ku Westside, dera la anthu akuda kutsidya kwa njanji. Mu Meyi 1955 kunatsegulidwa Moulin Rouge, hotela ya kasino yoyamba yolandira aliyense, ndipo akatswiri achizungu ankathamangira komweko akaweruka. Siinathe n'chaka chomwe. Tsankholi linayamba kugwa mu Malichi 1960, pamene bungwe lomenyera ufulu wa anthu akuda la NAACP, motsogozedwa ndi Dr James McMillan, linaopseza kuti lichita zionetsero mumsewu wa mahotelawo, eni ake n'kugonja poopa manyazi. Onjezani apo kuti ndalama zambiri zomangira mahotelawa zinali za zigawenga. Ukamamva kuseka kwa m'zimbalezi, ndi bwino kudziwa amene anatsala panja.

Tsono chinazipha n'chiyani? Ambiri amati ndi rock and roll, ndipo n'zoona kuti achinyamata anatembenukira kwina. Koma kumbukirani kuti Elvis Presley atabwera koyamba ku hotela ya New Frontier mu 1956 anthu a m'makasino sanamulabadire kwenikweni, ndipo atabwerera mu 1969 ku hotela ya International anali iyeyo amene wasintha, wabwera ndi bandi yaikulu ndi oimba ovomereza. Ine mlandu ndimaupereka kwa owerengera ndalama. Mu 1967 mpondamatiki Howard Hughes anagula mahotela a Desert Inn ndi Sands, ndipo malamulo a boma la Nevada, komwe kuli Las Vegas, atasintha kumapeto kwa zaka zimenezo, makampani akuluakulu analowa m'bizinesi ya juga. Eni akale ankalolera kuluza pa nyimbo bola juga ibweze. Atsopanowa ankafuna kuti ngodya iliyonse ya nyumba ibweretse yake ndalama. Akayang'ana kachipinda kaulere kokhala ndi oimba asanu ndi awiri olipidwa sabata iliyonse, ankaona malo oikapo makina a juga, omwe sadwala, sapempha malipiro. Mu 1989 oimba a mumzindawo ananyanyala ntchito kwa miyezi ingapo pokana kuti mahotela aziika nyimbo zojambulidwa m'malo mwa bandi, koma sanaphule kanthu. Sands anaiphulitsa mu Novembala 1996, ndipo pamalopo pano pali hotela ya Venetian.

Chodabwitsa n'chakuti chaka chomwecho kampani yojambula nyimbo ya Capitol inayamba kutulutsanso nyimbo zakalezi pa ma CD otchedwa Ultra-Lounge, achinyamata n'kuzigula ngati zatsopano. Amenewo ndi abwino poyambira, koma asakaniza zabwino ndi zamphwayi. Inu yambani ndi The Wildest!, chimbale cha Prima cha mu 1956. Musachimvere m'basi ndi timahedifoni. Mukafika kunyumba, tsekani chitseko, ikani ketulo pamoto, mukweze mawu mpaka pamene aneba angapirire.